Kodi nchito imakhala yathu liti?

Kalasi lathu limayamba dzuwa likapendeka, ana a sukulu ataweruka. Timakhala pa mipando yao yaing'ono, maondo atatsala pang'ono kugunda cibwano. Ambiri ndife amayi. Abambo ndi owerengeka. Ena timabwera ndi mwana kumbuyo, ena matope a kudimba akali kumapazi.

Tsiku lina, tili mkati molemba mau akuti "munda", agogo ena aamuna adaika pensulo pansi. Iwowa ndi msodzi wakale wa pa nyanja ya Chirua, imene anzathu a ku Malawi amaichula Chilwa. Adati: "Aphunzitsi, ndiloleni ndifunse. Mdzukulu wanga adamaliza kalasi 12. Cipwitikizi amalankhula ngati akumwa madzi. Lero akunyamula anthu pa njinga ku Insaca. Nanga ine wa imvi, zilembozi zidzandipatsa nchito yanji?"

Tidaseka, koma kudali kuseka kwa manyazi, pakuti funsolo lidali mumtima mwa ife tonse. Aphunzitsi sadafulumire kuyankha. Adati tilitenge, tikagone nalo. Zimene zalembedwa pano ndi zimene takhala tikukambirana kucokera tsiku limenelo, ku cigayo, ku mjigo ndi panjira ya kumunda. Sitidagwirizane pa zonse.

Tiyambe ndi kuvomera kuti agogowo sadaname. Kope si khasu, silitulutsa cimanga. M'boma lathu lino la Mecanhelas maofesi ndi ocepa, ndipo mipando yake ili kale ndi eni. Palibe mmodzi wa ife amene adzaitanidwe ku Cuamba kapena ku Lichinga kukakhala kalaliki cifukwa wadziwa kulemba dzina lake ali ndi zaka 50. Wina akabwera kudzatilonjeza zotere, timuuze apite nazo kwina. Tidzapitiriza kulima, kuwedza, kuumba njerwa, kuluka mphasa ndi kugulitsa zitumbuwa, monga tinkacitira tisadagwire pensulo.

Ndiye funso la agogo labala lina. Ngati nchito ikhala yomweyo, kuwerenga kumasinthapo ciyani?

Tisadayankhe, tikumbuke kumene tacokera. Ife a kuno kusintha kwa zinthu sitikumvera kwa anthu ayi, tidabadwira momwemo. Nyanja ya Chirua ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikaculuka imakula n'kumeza minda. Mvula ikacepa zaka zotsatizana imabwerera m'mbuyo n'kusiya matope ong'aluka. Idauma mu 1968. Idaumanso mu 1995. Mu 2018 tidaona ndi maso athu mabwato atakhala pa dothi louma ngati mitondo yotayidwa. Msodzi adasanduka mlimi, wina adasamukira ku Chiuta ndi ku Amaramba, wina adapita kukagwira ganyu. Madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zidatuluka m'madziwe a mitsinje ndi m'madambo mmene zidabisala, ndipo msodzi uja adasokanso ukonde wake.

Pakati pa Chirua ndi Chiuta pali mtunda wa mcenga. Pamenepo padadutsa njanji mu 1970, kucokera ku Cuamba, kumene Apwitikizi ankati Nova Freixo, kudzera pa Entre Lagos mpaka ku Nayuchi. Nkhondo idaimitsa sitima zaka zingapo. Pambuyo pake njanji idakonzedwanso, ndipo padayamba kudutsa sitima zazitali za malasha a ku Moatize zopita ku Nacala. Ana amawerenga mabogi ake mpaka kutopa. Ndalama nayo yatisinthira m'manja. Tidagwira escudo. Pa 16 Juni 1980 kudabwera metical. Mu 2006 boma lidacotsa maziro atatu, 1000 n'kusanduka 1, ndipo nkhalamba zina zidagona osadya poganiza kuti zaberedwa. Pa misika ya m'malire timasinthanso ndi kwacha, imene mtengo wake sukhazikika. Za nkhondo sitinena zambiri. Ambiri a ife tidawolokera ku Malawi ca m'ma 1986, titasenza mphika ndi mphasa. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo titabwerera tidapeza minda itasanduka chire, mitengo itamera m'kati mwa nyumba.

Pa zonsezi palibe cimene cidayamba catipempha. Cakudza siciyimba ng'oma. Tazolowera, ndipo tili moyo. Koma kuzolowera kuli pawiri. Mbuzi yokokedwa ndi cingwe imafika kumsika, mwini wake amafikanso kumsika. Njira ndi imodzi, fumbi ndi lomwelo. Koma mmodzi yekha ndiye akudziwa cimene akupitira.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tikhale pang'ono pa nkhani ya thonje.

Amayi athu ndi agogo athu adalima thonje m'nthawi ya Apwitikizi. Kuyambira ca mu 1938 mpaka 1961, kulima thonje kudali kokakamiza m'madera ambiri a kumpoto kwa Mozambique. Akapitao ndi asipayi ankabwera ndi cingwe kudzayeza munda. Ankanena tsiku lobzala ndi nthawi yopalira. Amene munda wake wapezeka ndi udzu ankamenyedwa m'manja ndi thabwa la ziboo lija ankati palmatória, mpaka manja kutupa osathanso kugwira khasu. Thonje limafuna kupalira pa nthawi yomwe cimanga ndi mapira zikufunanso khasu, conco minda ya cakudya inkatsalira ndipo njala inkalowa m'mudzi. Pokolola, wogula adali mmodzi yekha, kampani imene boma la atsamunda lidaipatsa deralo. Kalaliki ndiye ankayang'ana sikelo. Iye ndiye ankanena ngati thonje lili la giredi yoyamba kapena yaciwiri. Iye ndiye ankalemba pa kadi. Ndalama yocepa imene yatsala inkathera ku msonkho. N'cifukwa cake mabanja ambiri ankathawa usiku kulowa ku Nyasaland, ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene ena adakapezanso thangata.

Tsono tifunse: cimene cidaipa pa nchito imeneyi cidali ciyani? Kodi ndi thonjelo? Ayi. Thonje ndi mbeu ngati mbeu zina, ndipo anthu a ku Cuamba ndi kwina adapitiriza kulilima mwa kufuna kwao ukapolowo utatha. Kodi ndi kulemera kwa nchito? Ayinso. Taganizani za mpunga wa m'dambo. Timawokera titawerama m'madzi tsiku lonse, misundu ikutiyamwa. Ukaca timathamangitsa mbalame kuyambira m'bandakuca mpaka dzuwa kulowa. Timamweta, timapuntha, timasenza. Nchito imeneyi ndi yowawa, koma palibe amene amaicha ukapolo. Madzulo msana umapweteka, koma mtima uli m'malo.

Khasu lidali lomwelo, nthaka yomweyo, thukuta lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa thonje lija wina ndiye adasankha mbeu, wina adayeza munda, wina adaika mtengo, ndipo wina adalemba. Mayi wathu ankaona ciyambi ca nchito yake, koma mathero ake sankawaona. Thonje likangofika pa sikelo linkalowa m'dziko la manambala ndi zilembo, ndipo iye ankatsala pakhomo. Ankaima cilili, manja atapinda, kudikira kuti mlendo amuuze kulemera kwa caka cake conse.

Apa ndi pamene ambiri a ife tidagwirizana. Nchito imakhala yathu pamene tikuiona kucokera poyamba mpaka pomaliza, ndipo tikudziwa cimene tavomera.

Masiku ano kulibe msipayi. Palibe amene amatiyezera munda ndi cingwe. Koma sikelo idakalipo, ndipo pepala lidakalipo.

Mayi wina wa m'kalasi mwathu adatifotokozera zimene zidamucitikira. Adapita ndi thumba la nandolo kwa wogula wina amene adapacika sikelo yake pa nthambi ya mango. Wogulayo adayang'ana n'kunena kuti makilo 42. Mayiyo adali ataphunzira manambala miyezi itatu yokha. Adayandikira, mtima ukugunda, n'kuona kuti muvi waima pa 47. Adati poyamba mau adakana kutuluka. Kenaka adanena motsitsa kuti, "Pepani bambo, tayang'ananinso." Wogulayo adaseka, nati, "Kani amayi mwayamba sukulu?" Adalipira makilo 47. Makilo 5 si cuma, koma ndi sopo, mcere ndi kope la mwana. Cimene cidamuliza mayiyo si makilo 5 a tsiku limenelo. Adayamba kuganiza za zaka zonse zimene wakhala akugulitsa ataima kumbuyo kwa sikelo, kumene kulibe manambala.

Tisanene kuti ogula onse ndi akuba. Ambiri ndi ana athu omwe, otumidwa ndi amalonda a m'tauni, ndipo cimene amapeza ndi cocepa. Ndiponso tisadziyeretse. Ndani mwa ife sadamvepo za thumba la cimanga lokhala ndi mcenga pansi, kapena fodya wowazidwa madzi kuti alemere? Munthu amene wayamba kufuna kuti sikelo inene zoona, ayenera kulola kuti inenenso zoona za thumba lake. Pa mfundo iyi kalasi lidakhala cete pang'ono, ndipo aphunzitsi adacita ngati akufufuta bolodi.

Nkhani ya fodya ndi yozama kuposa apa. Ambiri timalima fodya pa mgwirizano. Timalandira mbeu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, ndipo pogulitsa ngongoleyo imadulidwa. Zonsezi zimalembedwa pa pepala, ife n'kudinda cala. Bambo wina adagwira nchito caka cathunthu. Adathirira nazale m'cilimwe, adawokera, adathyola, adasoka, adayanika m'cigafa, adasankha masamba, adamanga mabelo. Pobwera ku msika adali ndi ndalama yosakwana n'kugula malata asanu omwe. Adayenda m'mudzi monse akufuula kuti amubera. Patapita miyezi adabwera ndi mapepala ake m'kalasi, atawasunga m'jumbo. Tidawawerenga pamodzi, mzere ndi mzere, aphunzitsi akutimasulira mau a Cipwitikizi. Tidapeza kuti matumba a feteleza adalembedwa monga momwe adatengera. Limodzi mwa matumbawo adaligulitsa yekha pa maliro a mlamu wake, n'kuiwala. Mtengo wa thumba lililonse udalembedwa pa pepala kuyambira tsiku loyamba. Iye sadaberedwe pa ciwerengero. Koma sitinganenenso kuti adavomera. Cala cidavomera zimene mutu sudamve.

Bamboyo adakhala nthawi yaitali atagwira cibwano. Caka cotsatira adacepetsa munda wa fodya n'kuonjezera cinangwa ndi mtedza. Mnansi wake, atawerengera yekha, adaonjezera fodya. Sitikunena kuti wanzeru ndi uyu kapena uyo. Tikunena kuti onse awiri tsopano adasankha akuona.

Koma tisakuze zilembo kuposa msinkhu wake. Mu 2016 mtengo wa nandolo udali wabwino, ndipo aliyense adabzala. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, lidacepetsa nandolo wolowa kucokera kunja. Mtengo udagwa pansi. Odziwa kuwerenga ndi osadziwa tidalira pamodzi, matumba akufumbwa m'nyumba. Palibe lemba limene likadaletsa zimenezi. Kuwerenga sikugwetsa mvula, sikudzaza nyanja, sikukweza mtengo. Cimene kudathandiza n'cakuti ena adamva cifukwa cake ceniceni, osayamba kuloza mnansi kuti wawalodza kapena kufuna kumenya mwana wogula pa mtengo wa mango. Ndipo amene adalemba m'kope ndalama zimene adalowetsa m'munda adadziwa msanga kuti mbeu imodzi siyenera kusenza banja lonse.

Ena mwa ife aka si koyamba kukhala m'kalasi la akulu. Pamene dziko lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Atsamunda adatisiya conco, ndipo sadacite mwangozi. Munthu wosawerenga kadi yake savuta kumulamula. Pa 3 Julai 1978 Pulezidenti Samora Machel adatsegula nchito yaikulu yophunzitsa akulu m'dziko lonse. Agogo ena a m'kalasi mwathu akukumbukira. Ankakhala pansi pa mtengo, akulemba pa dothi ndi kamtengo. Koma maphunziro adali m'Cipwitikizi. Munthu ankasenza akatundu awiri nthawi imodzi, zilembo zacilendo ndi cilankhulo cacilendo. Ambiri adatula panjira, n'kumadziyesa opanda nzeru. Sadali opanda nzeru. Kenaka nkhondo idatentha masukulu ndi kubalalitsa aphunzitsi. Ana ena adakaphunzirira ku Malawi pa nthawi yothawa, ndipo adabwerera akuwerenga cilankhulo cimene tikuwerenga m'buku lino. Kuyambira 2003 masukulu ena a m'dziko muno adayamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo za kwao m'makalasi oyamba. Kalembera wa 2017 adapeza kuti akulu 39 mwa 100 alionse adali asadadziwebe kuwerenga, ndipo pakati pa amayi adali pafupifupi theka. Ndife amenewo.

M'kalasi mwathu ena kunyumba amalankhula Cimakua, ena Cilomwe, ena Cinyanja. Pamsika ndi padoko timamvana. Tikalemba "nsomba" tikudziwa kale fungo lake. Katundu watsala mmodzi, ndipo amanyamulika. Cipwitikizi tidzacifunabe, pakuti mapepala a boma, a cipatala ndi a fodya ali m'cilankhulo cimeneco. Koma munthu amayamba wadziwa kupalasa m'mbali mwa nyanja asadapite pakati.

Pali cinthu cina cimene tiyenera kucenjera naco. Kusadziwa zilembo si umbuli. Agogo aja amene adafunsa funso amayang'ana mitambo ya kum'mwera n'kudziwa ngati bwato lituluke kapena likhale. Amaona kumene mbalame zatera n'kudziwa kumene kuli matemba. Amadziwa pochera mono madzi akayamba kuphwa. Mayi wosadziwa kulemba dzina lake amasankha mbeu ya mpunga ndi diso, amadziwa tsamba loletsa m'mimba, amaweruza mlandu wa banja mpaka onse kukhutira. Uku ndi kuwerenganso, ndipo buku lake ndi lalikulu kuposa lathuli. Tawaona anthu amene atangodziwa zilembo zingapo amayamba kuyenda ndi colembera pa thumba la malaya, osafunanso kugwira khasu, n'kumayankha akulu m'Cipwitikizi cothyoka. Amenewa sadapite patsogolo. Angosintha cingwe.

Maganizo onyoza khasu sadacokere kwa makolo athu. Adabwera ndi dongosolo limene lidaika wolemba pa mthunzi, wolima padzuwa. Ndipo ife eni timawapitiriza osadziwa. Mwana akalakwa kusukulu amapatsidwa khasu kuti akalime ngati cilango. Kunyumba timamuuza kuti, "Limbikira sukulu, ungadzavutike ngati ine." Tikunena mwa cikondi, koma mwanayo akumva ciyani? Akumva kuti moyo wa amayi ake ndi cilango, ndi kuti nchito yeniyeni ili kwina, pa tebulo, pansi pa denga la malata. Akamaliza sukulu n'kupeza kuti tebulolo kulibe, amadziona ngati wolephera, ngakhale akudyetsa banja.

Tibwerere kwa mdzukulu wa agogo uja. Kodi nchito yake ya njinga ndi yocititsa manyazi? Mayi wina adatikumbutsa kuti usiku wina wa mvula mwana wake adadwala malungo mpaka kukomoka, ndipo amene adawafikitsa kucipatala ndi mnyamata wa njinga. Kalaliki sakadawanyamula. Nchito imene imapulumutsa mwana sitingainyoze. Mnyamatayo amadziwa mtengo wa ulendo uliwonse, amadziwa zimene zatsala akacotsa za matayala ndi za cakudya, amasankha yekha tsiku lopuma. Mwa muyeso umene tapeza pa thonje uja, nchitoyo ndi yake.

Komabe ena a ife sadakhutire, ndipo ali ndi mfundo. Adati: mnyamata amene adaphunzira zaka 12 akadatha kukhala namwino, mlangizi wa zaulimi kapena mphunzitsi, ndipo midzi yathu ikusowa anthu otere. Makolo ake adagulitsa mbuzi ndi mpunga kuti aphunzire. Kumuuza kuti akondwere ndi njinga kuli ngati kuuza wanjala kuti madzi nawo ndi abwino. Anyamata ambiri acoka, ena ku Nampula, ena kokakumba golide, ena ku Joni, ndipo m'midzi mwatsala nkhalamba ndi ana. Ici si colakwa cao. Ndi funso loyenera kufunsa atsogoleri pa msonkhano, mopanda mantha, ndipo amene amawerenga yekha zimene zidalonjezedwa amafunsa bwino kuposa wongouzidwa. Pa nkhani iyi sitidamalize. Mpaka lero tikaiyamba, mau amakwera.

Kusintha kwina kwalowa m'nyumba zathu mwakacetecete, m'kathumba ka citenje. Ndi foni. Mwana ali kutali amatumiza ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Foni ikalira, ife timathamangira kwa mwana wa mnansi kuti atiwerengere. Timamuuza ndi nambala yacinsinsi yomwe. Dzuwa lisadalowe mudzi wonse wadziwa kuti kwa uje kwafika ndalama zakuti, ndipo obwereka ayamba kale kuodira pakhomo. Kumabweranso mauthenga abodza a anthu akuba, onena kuti tumizani ndalama pa nambala iyi. Ndi kadi ya kucipatala ndi cimodzimodzi. Pali matenda amene munthu safuna kuti mwana wa mnansi awadziwe. Mayi wina adati cimene cidamubweretsa m'kalasi si sikelo ayi. Adafuna kuwerenga yekha tsiku lokatenga mankhwala, kuti cinsinsi cake cikhale cake. Palibe amene adamufunsa zambiri.

Gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama lidakhala zaka ziwiri likudalira mwana wa sukulu kuti alembe m'buku. Mwanayo atapita ku Cuamba, buku lidasokonekera ndipo amayi awiri amene adakulira pamodzi adasiya kulonjerana. Tsopano akulemba ndi mmodzi wa ife. Amalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, ndipo tsamba likadzaza amaliyendetsa kuti aliyense aone dzina lake ndi nambala yake. Salandira malipiro. Koma tsiku la msonkhano amavala citenje cake catsopano, ndipo amuna ake ndi amene amatsala akuyang'anira mbuzi.

Agogo aja adajomba masabata awiri. Tidaganiza kuti asiya, monga amacitira abambo ambiri akaona kuti amayi akuwapitirira. Lolemba lina tidawaona akubwera, atanyamula kope lakale la mdzukulu wao limene lidatsala ndi masamba oyera kumapeto. Adakhala pa mpando wao, nati kwa aphunzitsi: "Funso langa lija simudandiyankhe, ndipo ndikulidikirabe. Koma pali zinthu zimene ndikufuna zikhale pa pepala ndisadapite."

Adati anzao amene adaona nyanja ikuuma mu 1968 atsala awiri okha, ndipo mmodzi sakumvanso. Anyamata a padoko amaseka akawauza kuti madzi onsewa angathe kucoka, ngakhale adaona okha mu 2018. Agogowo akufuna kulemba zizindikiro zimene zimaoneka nyanja isadaume, madziwe amene nsomba zimabisalamo ndi amene sayenera kuthiridwa mankhwala ophera nsomba, ndi kumene mabanja adapeza cakudya m'zaka zimenezo. Akufunanso kumalemba mabeseni a matemba amene amayanika ndi mtengo umene amalonda amapereka mwezi ndi mwezi, cifukwa akuwakayikira.

Aphunzitsi adati mdzukulu wao angathe kuwalembera zonsezi tsiku limodzi. Agogo adapukusa mutu. Adati mnyamatayo akalemba adzakonza mau, adzaika Cipwitikizi, ndipo sizidzakhalanso zao. Iye adzawerenge pambuyo.

Adanyowetsa nsonga ya pensulo ndi malovu, monga amacitira ndi ulusi wosokera ukonde. Adayamba ndi caka. 1 adaima bwino. 9 adayang'ana kumbuyo, ndipo mayi wa pambali pao adawaonetsa ndi cala. Adafufuta ndi cala cacikulu mpaka pepala kuda, n'kuyambanso. Pamene dzuwa linkalowa, ife tikusonkhanitsa makope, iwo adali atafika pa 6.